Chenjezo kwa Amalawi a ku Rustenburg: wapolisi akakondera chipani, mlendo achenjere

Abale ndi alongo nonse amene mukukhala ku Rustenburg, Marikana, Mooinooi, Kroondal, Freedom Park, Boitekong, Tlhabane, Phokeng, Bapong mpaka ku Brits. Inu a m'migodi, a m'mafamu, matelala, ogwira m'nyumba za mabwana, ogulitsa m'maspaza ndi inu amene mumadikirira maganyu m'mbali mwa msewu: werengani uthenga uno mpaka pothera, ndipo muwerengerenso mnzanu amene maso ake sagwira zilembo. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Masankho a makhansala akubwera kuno ku South Africa. Nyengo ya kampeni ikafika, ndale zimalowa paliponse, ngakhale mu vani ya polisi. Mudzamva wapolisi akutamanda munthu amene akufuna mpando, mudzamuona akuseka ndi anyamata a chipani china kwinaku akuwazazira a china. Eni dera akaona zotere amaleka kukadandaula kupolisi, amayamba kuzenga okha milandu pamsewu. Bwalo la pamsewu likakhala, chala choyamba chimaloza mlendo. Ife sitivota kuno. Voti ndi ya nzika zokha, ndipo ngakhale muli ndi pemiti yokhazikika simuponya nawo. Pa mpikisano umenewu palibe chimene tingapate, pamene zoti tingataye zilipo zambiri: ntchito, katundu, mapepala, moyo womwe.

Zimene zidaonekera mwana wa achemwali anga

Pa masankho apitawo, mwana wa achemwali anga wochokera ku Mangochi, amene ndidamulandira ine atangotsika basi, adapeza lole ikugawa matisheti a chipani pafupi ndi pamene amakandira simenti. Adalandira nawo imodzi. Inali yatsopano, yonunkhira kusitolo, ndipo iye anali ndi malaya awiri okha. Mawa lake adaivala ku ganyu.

Madzulo pa renki ya mateksi adakumana ndi anyamata a chipani china. Adamufunsa m'Chitswana, iye nkuyankha m'Chingerezi chothyokathyoka. Basi, mlandu udathera pomwepo. Adati ndi mmodzi mwa makwerekwere amene chipanicho chabweretsa kuti adzabe mavoti. Adamung'ambira tisheti, kumulanda foni, wina nkumutema ndi botolo pamwamba pa diso. Vani ya polisi inali chapafupi, ndipo wapolisi adabweradi nkubalalitsa anyamatawo. Pamenepo ndimamuthokoza mpaka lero. Koma funso lake loyamba kwa munthu wotuluka magazi lidali la pasipoti. Ataiona kuti ili bwino, adayang'ana sanza za tisheti ija, nkuseka, nkumuuza kuti adasankha mbali yolakwika. Za amene adamumenya sadafunse, ndipo anyamata aja adali chikhalire pakhonde la sitolo, akungoyang'ana.

Tikuchokera kukasoketsa bala, mnyamatayo adandiuza kuti, "Amalume, ine ndimangoona ngati ndi malaya." Ndidamuyankha kuti kuno nthawi ya kampeni kulibe malaya wamba okhala ndi nkhope ya munthu pachifuwa. Chipsera chija akadali nacho.

Lamulo la dziko lino likuti chiyani

Dziwani kuti wapolisi wokondera chipani akuphwanya lamulo. Malamulo aakulu a South Africa a 1996, gawo 199 ndime 7, amaletsa achitetezo onse kupondereza chipani chovomerezeka kapena kukweza zofuna za chipani china pogwira ntchito yawo. Lamulo la polisi la 1995, gawo 46, likunena mosabisa: wapolisi asaonetse poyera kuti ali mbali ya chipani, asakhale ndi udindo m'chipani, asavale chizindikiro chake. Amaloledwa kukhala membala, kuvota, ngakhale kupita ku msonkhano wa chipani, koma asapiteko atavala yunifomu pokhapokha ngati watumidwa kukalondera.

Amene adalemba malamulowa adali atangotuluka m'nthawi ya tsankho, pamene polisi idali chikwapu cha boma la azungu. Ankadziwa kuti mfuti ikakhala ndi chipani, munthu wamba alibe kothawira. Komabe pepala ndi msewu siziyendera limodzi nthawi zonse. Bungwe lalikulu loimira apolisi pantchito, POPCRU, lili pansi pa mgwirizano wa mabungwe a apantchito wa COSATU, ndipo COSATU yakhala pa mgwirizano ndi chipani cha ANC kwa zaka zambiri. Kukhala m'bungwe la apantchito si mlandu. Koma munthu amene wanyanyala ntchito, akaona kuti bungwe la apolisi amene amuzungulira ndi bungwe limene iye walikana zimadyera mbale imodzi, mtima wake sukhala pansi. Kuno ku migodi ya platinum tidaziona ndi maso.

Marikana: tsiku limene ndale zidalowa m'maganizo a akuluakulu a polisi

Achinyamata amene mwabwera posachedwa mumadutsa pa Wonderkop osadziwa kuti kaphiri ka miyala kaja kadamwa magazi. Mu Ogasiti 2012, oboola miyala a kampani ya Lonmin adanyanyala ntchito pofuna malipiro a R12,500 pamwezi. Adali atataya chikhulupiriro mwa bungwe lawo lakale la NUM, limene nalonso lili mu COSATU, ndipo ambiri ankatsamira ku AMCU ya a Joseph Mathunjwa. Ankasonkhana pa kaphiri kaja, pafupi ndi mikhukhu ya ku Nkaneng, motsogozedwa ndi anthu ngati Mgcineni Noki, amene dziko lidamudziwa ndi bulangeti lake lobiriwira.

Masiku oyamba a sitirakayo anthu 10 adaphedwa. Mwa iwo mudali ogwira ntchito mu mgodi, alonda awiri a kampani, ndi apolisi awiri, Tsietsi Monene ndi Sello Lepaaku, amene adakhapidwa pa 13 Ogasiti. Zimenezi tisazibise: magazi adakhetsedwa mbali zonse.

Pa 14 Ogasiti, mkulu wa polisi m'chigawo cha North West, mayi Zukiswa Mbombo, adakumana ndi akuluakulu a Lonmin, ndipo zokambirana zawo zidajambulidwa. Zitamveka pa kafukufuku pambuyo pake, anthu adagwira pakamwa. Mkulu wa polisi ankakamba za ndale. Ankada nkhawa kuti a Julius Malema, amene adali atangochotsedwa mu ANC, angabwere kudzathetsa sitirakayo nkutenga ulemu, monga zidaonekera ku Impala kumayambiriro kwa chaka chomwecho. Adatchulanso dzina la a Cyril Ramaphosa, amene nthawi imeneyo adali mu bodi ya Lonmin komanso mkulu m'chipani cholamula. Tsiku lotsatira, pa 15, a Ramaphosa adalemba makalata a pa imelo onena kuti zochitikazo ndi uchigawenga ndipo boma lichitepo kanthu.

M'mawa wa pa 16 Ogasiti, apolisi adaitanitsa magalimoto anayi onyamula mitembo ndi zipolopolo 4,000 za mfuti zazikulu za R5. Dzuwa litapendeka, anthu 34 adali atagona pansi osadzukanso, ndipo 78 adali atavulala. Anthu 17 adaphedwa pafupi ndi khola la ng'ombe makamera akujambula. Ena 17 adaphedwa pa kaphiri kena kakang'ono, pakati pa miyala ndi zitsamba pamene adathawira, kopanda kamera. Ambiri adali ochokera ku Eastern Cape, ena ku Lesotho. Anthu osiya ana kumudzi nkudzasaka ndalama, monga ife. Kenaka boma lidamanga anzawo pafupifupi 270 nkuwatsegulira mlandu wopha anzawo omwe adawomberedwa ndi apolisi. Dziko litafuula, mlanduwo udachotsedwa. Patangopita masiku ochepa chiphedwere anthuwo, mkulu wa polisi m'dziko lonse, mayi Riah Phiyega, adaima pamaso pa apolisi nkuwayamikira pa ntchito imene adagwira.

Komiti yofufuza ya jaji wopuma Ian Farlam idatulutsa lipoti lake mu Juni 2015. Idapeza kuti dongosolo la apolisi lidali lolakwika, kuti polisi idabisa zina pa kafukufukuyo, ndiponso kuti mayi Mbombo adalowetsa maganizo a ndale pa nkhani yosafunika ndale. Komitiyo sidapeze a Ramaphosa olakwa pa imfazo, ngakhale iwo mu 2017 adapepesa chifukwa cha mawu amene adagwiritsa ntchito m'makalata aja. Mayi Phiyega adaimitsidwa ntchito mu Okutobala 2015. Zaka zoposa khumi zadutsa popanda wapolisi wopezeka wolakwa kukhoti pa imfa za tsiku la 16 lija. Lonmin yomweyo idagulidwa ndi Sibanye-Stillwater mu 2019, koma amasiye akadali kufunsa.

Phunziro lake kwa ife ndi ili. Palibe wapolisi amene adavala tisheti ya chipani pa Marikana. Kudangokwanira kuti amene amalamula mfuti ayambe kuwerengera kuti wandale uti apindula, uti aluza. Ngati zidatero ndi nzika zokhala ndi ziphaso zonse, mabungwe ndi maloya, nanga iwe amene pasipoti yako idindo yake yatsala masiku asanu?

Kuyambira nthawi imeneyo dera lino ndi bwalo la nkhondo ya ndale. Chipani cha EFF chidakhazikitsidwa mwamwambo ku Marikana komweko mu Okutobala 2013. Mu 2014 ogwira m'migodi ya platinum pafupifupi 70,000 adanyanyala ntchito miyezi isanu, kuyambira Januwale mpaka Juni. Pa masankho a makhansala a 2016, ANC idalephera kufika theka la mavoti ku Rustenburg. Pamene mipando imapambanidwa ndi mavoti ochepa, wadi iliyonse imalimbiranidwa ndi ukali, pakuti kuseri kwa mpando wa khansala kuli makontirakiti, ntchito za m'migodi ndi mndandanda wa olandira nyumba. Mu 2009 khansala wa ku Rustenburg, Moss Phakoe, amene ankaulula za katangale mu khonsolo, adawomberedwa pakhomo pake. Ndale za kuno zimapha eni ake. Mlendo asaziyese masewero.

Anthu akaleka kukhulupirira apolisi

Bungwe lofufuza la HSRC lakhala likufunsa anthu a dziko lino chaka ndi chaka ngati amakhulupirira polisi. Mu 2021 amene adavomera adali 27 mwa anthu 100 alionse, ndipo zaka zotsatira chiwerengerocho chidatsikira pa 22. Ndiye kuti mu teksi ya anthu khumi ndi asanu, atatu okha ndiwo ali ndi chikhulupiriro mwa wapolisi amene waimitsa galimotoyo. Nkhani za pamwamba nazo sizikuthandiza. Pa 6 Julayi 2025, mkulu wa polisi ku KwaZulu-Natal, Nhlanhla Mkhwanazi, adanena poyera kuti nduna ya polisi, a Senzo Mchunu, ikulowerera ntchito za apolisi ndipo idalamula kuthetsa gulu lofufuza kuphedwa kwa andale. A Mchunu adakana, koma pulezidenti adawatumiza kutchuthi nkukhazikitsa komiti ya jaji Mbuyiseli Madlanga kuti ifufuze. Munthu wa ku Boitekong akamaonera zimenezi pa kanema, mawa mbava ikamuthyolera nyumba, mukuganiza kuti athamangira kuti?

Athamangira kwa anansi ake, atenga zikwapu, mawaya ndi petulo. Mu Januwale 2018 muno mu Rustenburg, gulu la anthu, ambiri a iwo oyendetsa mateksi, lidatentha nyumba zingapo zimene linkati ndi zogulitsiramo mankhwala osokoneza bongo ndi uhule, ndipo nzika za ku Nigeria ndizo zidasakidwa. Dandaulo la anthuwo lidali lakuti apolisi akungoyang'ana. Mu Epulo 2022 ku Diepsloot, anthu okwiya ndi umbanda ndi kulephera kwa polisi adayenda khomo ndi khomo kufunsa mapasipoti, ndipo Elvis Nyathi wa ku Zimbabwe adamenyedwa nkutenthedwa. Mu Meyi 2008, ziwawa zimene zidayambira ku Alexandra zidapha anthu 62, ena mwa iwo nzika za dziko lomwe lino zimene zidangooneka ngati alendo. Mu 2015 boma la kwathu lidachita kutumiza mabasi kudzatenga Amalawi othawa ziwawa za ku Durban. Gulu likakwiya silifunsa ngati ndiwe wa ku Lagos, ku Tete kapena ku Ntcheu.

Onjezani apa kuti masiku ano nkhani ya alendo ndi nyambo yokopera mavoti. Wofuna mpando akalephera kufotokoza chifukwa chake mpopi wauma ndi chifukwa chake achinyamata a ku Bapong alibe ntchito pamene chuma chikutuluka pansi pa mapazi awo, amapeza yankho losavuta: alendo. Wapolisi amene amamukonda wandale ameneyo akamva mawu otere pa msonkhano Lamlungu, Lolemba adzakuyang'ana ndi diso lomwelo. Ndipo nthawi ya kampeni akuluakulu amafuna ziwerengero za omangidwa zoti akaonetse kwa ovota. Mudamva za ku Stilfontein, m'chigawo chathu chomwe chino, pamene apolisi adatseka njira ya chakudya kwa azamazama, anthu okumba golide mozemba. Mu Januwale 2025 mitembo 78 idatulutsidwa mu mgodi wakale wa golide m'masiku ochepa.

Kwathunso tidaziona

Tisanyoze eni dziko ngati kuti kwathu nkwabwino. Akuluakulu akukumbukira nthawi ya Apayoniya, pamene mnyamata wa chipani ankaposa wapolisi, mpaka asilikali adawalanda zida mu Disembala 1993. Pa zionetsero za 20 Julayi 2011, anthu pafupifupi 20 adaphedwa, ambiri ku Mzuzu. Pambuyo pa masankho a 2019, anthu ochuluka ankati polisi ili mbali ya chipani cholamula, ndipo pamsewu ankaombera m'manja asilikali nkumagenda apolisi. Mu Okutobala chaka chomwecho ku Msundwe, gulu la anthu lidapha wapolisi, Usumani Imedi, ndi miyala. Zotsatira zake mukuzidziwa: amayi ndi atsikana a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu adachitidwa zamanyazi ndi apolisi, ndipo mu Ogasiti 2020 khoti lalikulu lidalamula kuti amayi 18 apatsidwe chipukuta misozi. Amene adagenda ndi ena, amene adalipira ndi matupi awo ndi ena. Boma litasintha, matendawa sadathe. Mu Juni 2025 ku Lilongwe, a Sylvester Namiwa adamenyedwa ndi anthu onyamula zikwanje, achitetezo ali chiimire pomwepo. Malamulo athu nawonso, pa gawo 158, amati polisi isakhale ya chipani. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo chigawenga chikadziwa kuti wapolisi ndi wa chipani chake chimayenda chifuwa patsogolo.

Tsono ife amene taona zonse ziwiri, za kwathu ndi za kuno, tilibe chowiringula.

Zoyenera kuchita kuyambira lero

1. Musavale makaka a chipani chilichonse. Tisheti, chipewa, bereti, nsalu, ambulera, ngakhale zaulere. Musaberekere mwana nsalu ya chipani, musayanike pachingwe, musatchingire pawindo. Ngati muli nazo kale, zichotseni m'nyumba.

2. Musapite ku misonkhano ya kampeni, ngakhale kukugawidwa chakudya kapena basi ili yaulere. Wina akakulonjezani ndalama kuti mukadzaze bwalo, mukamate mapositala kapena mukachotse a chipani china, kanani. Zikavuta, amene adakutumani adzakhala woyamba kunena kuti sakukudziwani.

3. Musalole kuti dzina lanu lilembedwe pa kaundula wa ovota, ndipo musagule chiphaso cha dziko lino kwa anthu a m'makona. Umenewo ndi mlandu waukulu wa ndende, ndipo mmodzi akagwidwa, bodza lakuti alendo akuba mavoti limasanduka zoona pakamwa pa anthu. Nkhuyu zodya mwana zimapota akulu.

4. Wapolisi akayamba nkhani za ndale, kaya pa rodibuloko, kaya pa spaza panu, kaya mwa nthabwala, yankhani mwaulemu kuti ndinu mlendo ndipo simuvota. Musavomereze, musatsutse. Chimodzimodzi ndi landilodi wanu, kapitawo wanu ndi mnzanu wa pa shifiti. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata.

5. Samalani pa WhatsApp, Facebook ndi TikTok. Musanyoze chipani, wandale kapena apolisi a kuno, ndipo musatumize makanema a ziwawa amene simukudziwa kuti adajambulidwa liti ndi kuti. Kanema wakale wa dziko lina akhoza kuyatsa moto ku Freedom Park usiku umodzi.

6. Yendani ndi mapepala anu, ndipo sungani zithunzi zake mu foni ndi kwa mbale wodalirika. Lamulo la zolowa ndi kutuluka la 2002 limapatsa mphamvu yofunsa mapepala kwa wapolisi ndi wa imigireshoni. Mu Novembala 2025 khoti lalikulu ku Johannesburg lidagamula kuti gulu lolimbana ndi alendo la Operation Dudula lilibe mphamvu imeneyo. Komabe gulu likakuzungulirani, musayambe kuliphunzitsa malamulo. Pulumutsani moyo kaye, nkhani mukanene pambuyo.

7. Musazolowere kupereka ya cold drink. Lamulo lothana ndi katangale la 2004 limagwira wopereka ndi wolandira yemwe. Komanso mukapereka kamodzi mwasanduka munda wake, adzabwera kudzakolola mwezi ndi mwezi. Musadalire wapolisi amene akuti adzakutetezani chifukwa ndi mnzake wa khansala. Khansalayo akagwa pa masankho, anthu adzakumbukira onse amene ankadya naye.

8. Mukamangidwa, musalimbane ndipo musathawe. Muli ndi ufulu wokhala chete, wouzidwa chifukwa chimene mwamangidwira, wopeza loya, ndi wokaonekera kukhoti pasanathe maola 48, kupatula masiku amene khoti silikhala. Ufulu umenewu uli pa gawo 35 la malamulo aakulu ndipo ndi wa munthu aliyense, nzika kapena mlendo. Loya waulere amapezeka ku Legal Aid South Africa. Musasaine pepala limene simukulimva, pemphani womasulira. Chenjerani ndi faindi yovomera kulakwa imene amakuuzani kuti mulipire kuti mutuluke msanga: imatha kukusiyirani mbiri ya mlandu imene idzakutsekerani pemiti. Pemphani kuti ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria kapena ya ku Johannesburg idziwitsidwe, makamaka ngati akukutengerani ku Lindela, kumene amasunga alendo oti abwezedwe kwawo.

9. Mukachitiridwa chipongwe, kanenenibe kupolisi. Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu mukuseka powerenga izi, koma mlandu umene sudalembedwe uli ngati sudachitike, ndipo wokuzunzaniyo amadalira mantha anuwo. Pitani awiri kapena atatu, ndi bwino mmodzi akhale mwini dziko amene mumagwirizana naye. Musachoke popanda kudziwa nambala ya mlandu. Wa pa kauntala akakana kulemba, pemphani kuonana ndi mkulu wa siteshoni. Pangozi imbani 10111, kapena 112 pa foni ya m'manja.

10. Wolakwayo akakhala wapolisi, sungani m'mutu dzina la pachifuwa pake, nambala ya galimoto, malo ndi nthawi, ndipo mukafika kunyumba lembani. Kumenyedwa, kuzunzidwa, kugwiriridwa, kuwomberedwa kapena imfa ya m'chitokosi zimafufuzidwa ndi bungwe la IPID, limene lili ndi ofesi ya chigawo ku Mahikeng. Mukavulala pitani kuchipatala tsiku lomwelo kuti mabala alembedwe. Mabungwe a Lawyers for Human Rights ndi South African Human Rights Commission nawo amathandiza alendo.

11. Musalowe m'gulu lomenya munthu, ngakhale wagwidwa ndi katundu wanu m'manja. Musagende vani ya polisi, musayandikire msewu umene watsekedwa ndi matayala oyaka. Amene adamangidwa ku Marikana adaimbidwa mlandu wakupha chifukwa chongopezeka pagulu. Mukamva nyimbo za zionetsero zikuyandikira, tsekani spaza, itanani ana, khalani m'nyumba. Inu a m'migodi, kukabuka mkangano wa mabungwe, musakhale amene atumidwa kukanyamula chikwangwani kutsogolo.

12. Konzekeranitu. Mipingo, mizikiti ndi magulu a maliro akhale ndi mndandanda wa anthu awo ndi kumene akukhala. Sabata ya masankho ndi sabata ya zotsatira, ndalama zambiri zisagone mu mkhukhu. Tumizani kumudzi kapena sungani kubanki. Gwirizanani za nyumba imene amayi ndi ana angathawireko usiku. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Apolisi si adani athu

Chenjezo lino lisakupangitseni kudana ndi yunifomu. Apolisi ambiri a kuno ndi ana a anthu osauka, amachita lendi m'makomboni momwe tikukhalamu, ali ndi ngongole kwa mashonisa amene ifenso timakongolako, ndipo m'mawa akamatsanzika ana awo sadziwa ngati abwerera. Monene ndi Lepaaku nawo adasiya mabanja akulira. Alipo apolisi amene adatsegula mageti a siteshoni kuti alendo othawa moto agonemo. Wapolisi amene amasunga chipani chake mumtima, nkulemba mlandu wa Mmalawi monga alembera wa Mtswana, ndiye mpanda wathu weniweni m'dziko lino. Mukamupeza mulemekezeni, mupatseni umboni woona, musamunamize. Wina uja amene wagulitsa yunifomu yake kwa wandale, mutalikireni mwaulemu ndipo lembani zimene mwaona.

Kwa inu makolo amene muli kumudzi ndipo uthengawu wakupezani pa foni: muimbireni mwana wanu amene ali ku Joni usiku uno. Mufunseni ngati mapepala ake ali bwino, mufunseni zimene akuvala, mufunseni amene akuyenda nawo. Ngati alipo wina amene akukonzekera kukwera basi miyezi ino popanda ntchito yomudikira ndi mapepala okwanira, muuzeni ayambe wadikira masankho adutse.

Agogo athu ankabwera kuno pa Wenela, ndipo mu 1974 ndege yowanyamula itagwa ku Francistown nkupha Amalawi oposa 70, a Kamuzu Banda adatseka ulendowo. Amene adabwerera amoyo ndi masutikesi, mabulangeti ndi njinga adali anthu odziwa chimene adadzera. Ifenso tidadzera fizi ya ana, malata a nyumba ndi feteleza wa amayi. Masankho adzatha, mapositala adzasuluka ndi dzuwa pa mitengo ya magetsi, opambana ndi ogonja adzakhala pansi nkugawana mipando mu khonsolo. Mwana wa achemwali anga uja tsopano ali ndi malaya asanu ndi limodzi ogula yekha, opanda nkhope ya munthu aliyense, ndipo mwezi watha watumiza malata khumi ndi awiri ku Mangochi. Tikufuna nonse mudzakwere basi ya kwathu muli pampando, osati m'bokosi la m'ngolo yakumbuyo.

Tumizani uthengawu kwa Mmalawi aliyense amene mukumudziwa m'dera lino, ndipo atsogoleri a mipingo ndi mizikiti auwerenge pamaso pa anthu sabata ino.

Ine mbale wanu,
mmodzi wa matchona a ku Rustenburg